Zaka zisanu ndikugulitsa ndudu pa msewu wa ku Kasungu

Aliyense amene anadutsapo ku Kanengo m'miyezi ya Meyi ndi Juni amalidziwa fungo limene limakuta dera lonselo, fungo lotsekemera pang'ono koma lokanda pakhosi, la fodya amene akukonzedwa m'mafakitale asanatumizidwe kunja. Kwa zaka zisanu, kuyambira mu 2019 mpaka kumapeto kwa 2023, sabata yanga inkayambira m'fungo limeneli. Lolemba lililonse ndinkafika ku nkhokwe ya kampani kusanache, n'kuwerenga makatoni pamodzi ndi mkulu woyang'anira katundu, ndipo pofika 7 koloko ine ndi dalaivala tinkakhala titalowa kale msewu wa M1 kulowera kumpoto. Ntchito yanga inali yogulitsa ndudu za kampani ina yaikulu ya fodya kwa eni maholoselo, magolosale ndi maokala. Pa kalata yondilembera ntchito udindo wanga unali ndi dzina lalitali la Chingerezi, koma kuyambira pa Lumbadzi mpaka pa Jenda panalibe ankalidziwa. Galimoto ikangoima, mnyamata wa pakauntala ankafuula kuti, "Bwana, a ndudu afika," ndipo limenelo ndilo linasanduka dzina langa.

Kwathu ndi ku Chamama, m'boma la Kasungu, ndipo ndinakulira m'chigafa. Bambo anga anayamba ngati tenanti pa esiteti ina m'nthawi ya Kamuzu, pamene mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale m'munda mwake, ndipo lamulolo litafewetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anabwerera kumudzi n'kuyamba kudzilimira okha. Ndisanafike Sitandade 5 ndinali nditadziwa kale kuthirira nazale, kuthyola, kusoka, kusankha masamba ndi kumanga mindindi. Ndimakumbukirabe phula lakuda limene linkamatirira m'manja losachoka ngakhale ndi sopo, ndiponso chizungulire ndi nseru zimene zinkatigwira tikathyola masamba a mame, zimene ndinadzamva nditakula kuti zimabwera chifukwa cha chikonga cholowera pakhungu. Fizi yanga yonse, ya ku sekondale ndi ya ku koleji, inachokera m'mabelo. N'chifukwa chake tsiku limene ndinawauza kuti ndapeza ntchito ku kampani ya fodya, bambo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Fodya wakulera, mwanawe, ndipo fodya yemweyo akudyetsa. Ukaigwire ndi manja awiri." Ndinaigwiradi ndi manja awiri, ndipo zaka zoyambirira ndinkainyadira kwambiri.

Ulendo wa sabata unali wodziwika: Lumbadzi, Mponela, Madisi, Bua, Chinkhoma, kukagona pa Kasungu, kenaka Chatoloma, Nkhamenya mpaka Jenda, n'kubwerera podzera m'misika ya m'midzi molingana ndi masiku ake. Pa tsiku ndinkalowa m'masitolo pafupifupi 30, ndipo paliponse ndinkachita zofanana. Ndinkawerenga mapaketi otsala, ndinkaona ngati ndudu zathu zili pamalo oonekera kumbuyo kwa wogulitsa, ndinkafunsa mtengo umene akugulitsira, ndinkasuzumira za makampani opikisana nafe, ndinkatolera ngongole ya sabata yatha, ndiyeno n'kulemba oda yatsopano. Poyamba zonsezi zinkalembedwa m'buku la malisiti, koma patapita nthawi anatipatsa tabuleti imene inkaonetsa ku ofesi malo amene ndaima ndi mphindi zimene ndakhalapo. Malipiro okhazikika anali ochepa ndithu; ndalama yeniyeni inali komishoni, ndipo komishoni inkabwera pokhapokha ukafika pa tageti ya mwezi.

Ku maphunziro a ntchito anatiphunzitsa kuwerenga katundu: paketi ili ndi ndudu 20, mapaketi 10 amamangidwa pamodzi kukhala ndudu 200, ndipo tageti yathu inkawerengedwa m'masauzande a ndudu. Chimene sanatiphunzitse, chimene msewu wokha unandiphunzitsa, n'chakuti kumidzi kuno ndi anthu ochepa kwambiri amene amagula paketi yathunthu. Malonda onse a fodya m'dera langa anaima pa ndudu imodziimodzi. Mwini okala amatsegula paketi n'kuiika pakati pa maswiti ndi machesi, ndipo wa kabaza akatsitsa munthu amabwera ndi ndalama yachitsulo kapena kapepala kopindapinda, n'kutenga imodzi, n'kuyatsira pomwepo pa bokosi la machesi lomangiriridwa ku chingwe. Ganyu akalandira ya tsikulo amatenga ziwiri, imodzi ya pompo, ina n'kuipachika kukhutu. Tikakweza mtengo wa paketi pang'ono, funso la mwini sitolo silinkakhala la paketi ayi, koma lakuti, "Ndiye imodzi ndizigulitsa zingati, popeza chenji chake kulibe?" Munthu amene sangakwanitse paketi amakwanitsa imodzi, ndipo mawa amakwanitsanso imodzi, ndipo umo ndi momwe makatoni a m'galimoto yanga ankathera.

Malonda ankatsatira nyengo ya fodya yemweyo. Msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, malole odzaza mabelo akandanda pa Chinkhoma ndi ku Kanengo, ndalama zinkayamba kuyenda m'matauni ang'onoang'ono onse a m'njira, ndipo m'mabala a pa Mponela ndi pa Kasungu katundu sankachedwa. Miyezi imeneyo tageti inkakwana mwezi usanathe. Koma kuyambira mu Disembala mpaka mu Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ndalama iliyonse ikupita ku feteleza ndi chimanga, osuta ambiri ankabwerera ku chingambwe, fodya wa m'munda wopichirira pa pepala la kope kapena pa khoko la chimanga. Ofesi inkadziwa bwino za nyengo zimenezi, koma tageti sinkatsika mofanana ndi m'mene matumba a anthu ankaphwera, motero miyezi ya njala inalinso ya njala kwa ife.

Apa m'pamene ngongole inkalowera. Kuti katundu atsike m'galimoto unkayenera kumukhulupirira munthu, kumusiyira mapaketi n'kugwirizana kuti udzatenga ndalama ulendo wina. Eni masitolo ena anali okhulupirika kuposa banki. Unkafika n'kupeza ndalama yako yomangidwa kale ndi mphira m'chitini chakechake. Ena ankakuona uli patali n'kutulukira khomo la kuseri, n'kusiya mwana woti anene kuti apita ku maliro. Chaka china mnyamata wina wa golosale yooneka bwino, amene ndinkadya naye nsima, anatseka sitolo usiku umodzi n'kupita ku Joni ali ndi katundu wanga wa milungu iwiri, ndipo ndalama yonseyo inadulidwa ku malipiro anga kwa miyezi itatu ngati shoteji. Ndinadandaula kwa bwana wanga, ndinawakumbutsa kuti ndi iwo omwe ankatiumiriza kusiya katundu paliponse kuti manambala akwere, koma anandiwerengera ndime ya mu mgwirizano imene ndinasainira. Dalaivala wathu, munthu wachikulire amene anayenda msewu umenewo zaka zambiri ine ndisanabwere, anangondiuza tili pa mlatho wa Bua kuti, "Achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo." Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuwerenga nkhope, kuona ngati mashelefu akuchepa katundu, ndi kumvetsera zimene anthu oyandikana ndi sitolo akunena.

Panalinso ndudu zozembetsedwa, zolowera m'njira zachidule za m'malire a Zambia ndi Mozambique, zopanda sitampa ya msonkho ya MRA, zimene zinkagulitsidwa pansi pa kauntala pa mtengo umene ife sitikanaufikira. Kenaka kunabwera kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso mizere ya mafuta imene inkatigoneka pa filing'i siteshoni katundu ali m'galimoto. Mitengo inkasintha usanamalize kuifotokoza, ndipo amene ankalandira mkwiyo wa anthu sanali wa ku ofesi koma ine woimirira pakauntala. Zonsezi zinali zowawa, koma ndi zowawa za wogulitsa aliyense, kaya wa sopo kaya wa mchere, ndipo si zimene zinandichotsa pa ntchito.

Chinthu choyamba chimene chinandisokoneza mtima chinali kapepala. Mu 2021 bambo anandipatsa pepala la malonda a fodya wawo kuti ndiwawerengere, popeza maso awo anali atayamba kuvuta, ndipo usiku umenewo ndinaliyala pabedi m'resitihausi ya pa Kasungu pambali pa malisiti anga. M'chaka chimenecho mtengo wa fodya pa msika, mukaphatikiza magiredi onse, sunkafika madola awiri pa kilogalamu, ndipo pa ndalama imeneyo pankadulidwanso za mayendedwe, za ziguduli, za mabungwe, msonkho ndi ngongole ya zipangizo. Ine ndinkadziwa kuti mu ndudu imodzi muli fodya wosakwana galamu imodzi, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi imatulutsa ndudu zoposa 1,000, ndipo belo limodzi la makilogalamu 100 ndi fodya wa ndudu pafupifupi 100,000. Nditawerengetsera ndinapeza kuti ndalama imene bambo analandira pa belo lathunthu sikanagula ngakhale ndudu 3,000 pa okala ya kwathu. Ndikudziwa kuti tsamba limachotsedwa mitsempha yake ku fakitale, kuti bale amasakanizidwa ndi mitundu ina ya fodya, kuti pali misonkho, mapepala, makina ndi zombo. Ndinayesa kuchotsera zonsezi, koma mpata unakhalabe waukulu moti sindinagone. Fodya wathu wambiri amachoka m'dziko muno ali tsamba, kudzera m'madoko monga Beira ndi Nacala, kupita ku Belgium ndi maiko ena, ndipo phindu lenileni limapangidwa kumeneko. Ine ndinali munthu wa kumapeto kwa ulendowo, wobwezera fodya kwa anthu omwe anamulima, atakulungidwa m'pepala loyera, pa mtengo umene iwo sadzaulandirapo.

Chachiwiri chinali ana. Kampani inali ndi lamulo lolembedwa bwino lakuti ndudu ndi za anthu akuluakulu okha, a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo inkatipatsa zomata zonena zimenezi, zimene ndinazimata ndi manja anga m'masitolo ambiri. Sindikukayika kuti ena mwa amene analemba lamulolo ankalikhulupirira. Koma munthu amene waimirira pa okala kwa theka la ola amaona zimene zimachitika pansi pa chomatacho. Tsiku lina masana ndili m'kati molemba oda, kamtsikana ka yunifolomu ya pulaimale, kosapitirira zaka 8, kanafika n'kugwada pang'ono monga ana aulemu achitira, n'kunena kuti, "Akuti ndudu ziwiri ndi machesi." Mwini okala anapereka osayang'ana n'komwe, ndipo nditamufunsa anati, "Atumidwa ndi bambo awo amenewo, ndikawabweza mawa sabweranso kudzagula shuga." Ankanena zoona. Koma ndinkadziwanso kuti si mwana aliyense wonena kuti watumidwa amene watumidwadi, ndiponso kuti okala ina imene inali pafupi ndi sukulu ya sekondale yogonera pomwepo inkandigula katundu wochuluka sukulu ikatsegulira, n'kuchepetsa ikatsekera. Mu lipoti langa la sabata munali mizere ya dzina la sitolo, mtundu wa ndudu, kuchuluka kwake ndi ndalama. Mzere wa amene wasuta munalibe, ndipo kwa nthawi yaitali kusowa kwa mzere umenewo kunkandithandiza kugona.

Chachitatu ndi chimene ndimachiganizirabe mpaka lero. Pa msika wina wa m'njira yanga panali bambo wachikulire wa golosale amene anandilandira ngati mwana wake kuyambira ulendo wanga woyamba. Ndikafika ankakoka kampando, n'kuitana mayi a kunyumba kwawo kuti abweretse tiyi ndi mbatata, ndipo sankalola kukamba za oda ndisanawauze za bambo anga ndi za mvula ya kwathu. Anali osuta a zaka zambiri, ndipo paketi iliyonse yoyamba pa oda inali yawo; ankaitsegula ine ndikuona, n'kunena kuti akulawa katundu. Chifuwa chawo ndinachizolowera ngati mbali ya mawu awo. M'chaka cha 2022 ndinayamba kuwapeza atakhala pansi osati ataimirira, kenaka ndinayamba kupeza mayi okha pakauntala, ndipo tsiku lina anandilowetsa kuchipinda cha kuseri kumene bambowo anagona pamphasa, ataonda moti mkono wawo unkaoneka ngati wa mwana. Ku chipatala anali atawauza kuti mapapo awonongeka ndipo asiye fodya, koma anandinong'oneza kuti, "Mwanangu, ndayesa, koma thupi likukana." Popuma ankachita ngati munthu amene wangokwera phiri. Ndinakhala nawo kanthawi, ndiyeno ndinatuluka n'kukalemba oda, chifukwa tabuleti inali ikuwerenga mphindi.

Anamwalira mvula isanagwe, ndipo ndinapatuka pa ulendo wanga kukakhala nawo pa maliro. Patatha milungu itatu ndinadutsanso, ndili ndi maganizo ongopepesa n'kupitirira, osatsitsa kanthu. Mayi aja anali pakauntala atavala zakuda. Nditamaliza malonje anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tsitsani monga mwa masiku onse, achimwene. Ndi zimene zimayenda pano, ndipo ana akufunika fizi." Sananene mokwiya kapena mondiimba mlandu, ananena monga munthu amene wawerenga bwino za sitolo yake. Ndinatsitsa, ndinalemba lisiti, ndipo iwo anatsegula paketi imodzi n'kuiika pamalo ake pakati pa maswiti. Mpaka titafika pa Kasungu sindinayankhule, ndipo dalaivala sanandifunse kanthu.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze anzanga amene akugwirabe ntchitoyi. Ambiri ndi anthu olimbikira, osamala mabanja awo ndi abale ambiri kumudzi, m'dziko limene mnyamata wa digiri amatha zaka akuyenda ndi envelopu ya makalata ofunsira ntchito. Komanso sindingayerekeze kunena kuti fodya ndi nkhani yapafupi kwa Amalawi. Kwa zaka zambiri mbewu imeneyi yakhala ikubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene dziko limapeza pa malonda, ndipo mankhwala a m'zipatala, mafuta ndi feteleza zimagulidwa ndi madola omwewo. Koma bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse pa dziko lapansi, ndipo kwa ine nambala imeneyi inasiya kukhala ya pa wailesi pa 31 Meyi yokha, tsiku lokumbutsa anthu za kuopsa kwa fodya. Inali ndi nkhope, ndi kampando, ndi tiyi wa mbatata. Chimene ndimakana ndi mawu amene tinkabwerezabwereza m'misonkhano, akuti ife timangopereka mwayi wosankha kwa munthu wamkulu amene wasankha kale kusuta. Munthu amene anayamba ali ndi zaka 15 pa okala ya kuseri kwa sukulu, amene pa zaka 60 akunong'ona kuti thupi likukana, sanasankhe m'njira imene mawu amenewo amatanthauza.

Zaka zimenezo zinthu zinali zikusinthanso pamwamba. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za kugwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza, mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa dongosolo la utenanti, ndipo chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera, potsegulira msika, anachenjeza poyera kuti dziko silingapitirize kudalira fodya. Mu 2023 Malawi analowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya, limene maiko ambiri anali atalowamo kalekale kuyambira pamene linayamba kugwira ntchito mu 2005. Ku ofesi nkhaniyi inakambidwa ngati mtambo umene ukubwera, ndipo funso linali lakuti malonda atetezedwa bwanji. Ine ndinadzipeza ndikulakalaka kuti tsiku lina kugulitsa ndudu imodziimodzi kudzaletsedwe ndipo lamulolo lidzatsatidwe, ngakhale ndinkadziwa kuti komishoni yanga yonse inaima pamenepo. Munthu sangayende ndi mitima iwiri yotere kwa nthawi yaitali, ndipo mu Disembala 2023 ndinapereka kalata yosiya ntchito.

Chovuta kwambiri chinali kukawauza bambo. Ndinawapeza m'munda akubandira fodya amene anali atangookedwa kumene, ndipo ndinawafotokozera zonse, za kapepala kaja, za kamtsikana, za bambo a golosale. Anamvetsera atatsamira mpini wa khasu, ndipo nditamaliza anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ine sindinasutepo chibadwire, ndipo iwe ndinakuletsa uli mwana. Ndinkadziwa chimene ndinkakuletsera." Anayang'ana mizere ya fodya wawo mpaka kumalire, n'kuwonjezera kuti, "Koma undiuze mbewu ina imene ili ndi msika wodikira ngati uwu, mawa lomwe ndizula." Ndinatchula soya ndi mtedza, ndipo iwo anandikumbutsa chaka chimene analima soya wambiri n'kukagulitsa kwa mavenda a sikelo zokayikitsa pa mtengo umene sunabweze ngakhale mbewu. Ndinalibe chowayankha, ndipo tinamaliza mzerewo pamodzi.

Panopa ndimagulitsa sopo, mafuta ophikira ndi mchere za kampani ina, pa msewu womwewo ndi m'masitolo omwewo, ndipo komishoni yake ndi yocheperapo. Zimene ndinaphunzira zija, kuwerenga mashelefu, kudziwa woyenera ngongole, kukhala pansi n'kumwa tiyi usanatchule oda, zonse ndimazigwiritsabe ntchito tsiku lililonse. M'malo mwanga munalowa mnyamata wina waulemu wochokera ku Dowa, ndipo nthawi zina galimoto zathu zimaima pa golosale imodzi, iye n'kutsitsa zake, ine zanga. Mayi aja akadali pakauntala, mwana wawo woyamba analemba mayeso a Fomu 4, ndipo anyamata a m'masitolo ena akaona nkhope yanga amafuulabe kuti a ndudu afika. Mwezi wa Seputembala ukayandikira bambo amandiimbira foni kundikumbutsa za nazale, ndipo ine ndimawatumizira ndalama ya feteleza pa Mpamba.